Maso Ouma a Benedicto

Nedson anamuika m'manda chimanga chitayamba kuuma m'minda, m'chaka cha 1938. Anali atabwera kuchokera ku Halale ndi sutikesi yamalata komanso chifuwa cha m'migodi. Sutikesiyo inafika yopepuka. Chifuwacho ndiye chinali cholemera, ndipo sichinamusiye.

Benedicto anaima kumbuyo kwa adzukulu, khasu lili m'manja. Kukumba manda sinali ntchito yake, koma anakumba nawo kuyambira m'mawa chifukwa sanadziwe china choti achite ndi manja ake. Nedson anali mnzake kuyambira ali ana, akuweta mbuzi m'dambo la kumunsi kwa mishoni ya Nambuma. Analinso mlongo wake wa Yosefina, mtsikana amene Benedicto ankafuna kumukwatira, ndipo m'banja lonselo Nedson yekha ndi amene ankamuitana kuti "alamu" anthu akumva.

Pakhosi pa Benedicto panali potseka, m'chifuwa mukuwawa ngati wameza chitsononkho. Koma maso ake anali ouma gwa. Anaphethira, anayang'ana bokosi likutsika, anaphethiranso. Palibe chinatuluka.

Tsidya lina la dzenjelo kunali Gideoni, mnyamata wotsogolera nyimbo kutchalitchi, amenenso masiku amenewo ankazungulirazungulira pakhomo pa Yosefina. Iye ndi Benedicto anakhalira limodzi kuseminale, ndipo onse awiri anabwerako asanafike pa unsembe. Gideoni anayamba nyimbo ya Chilatini yotsazikira malemu. Atafika pakati anawerama, n'kuphimba nkhope ndi kampango koyera. Podzutsa mutu, maso anali piriwiri, misozi ikuyenderera mpaka m'khosi. Mawu ake anathyoka. Anagwa chogwada pa mulu wa dothi, mamina akulendewera kumphuno ngati therere.

"Nedson! Mbale wanga, wandisiyira yani?"

Benedicto anayang'ana kumbali. Miyezi yonse imene Nedson ankadwala, Gideoni sanalowepo m'nyumba ya wodwalayo. Ankaima pakhomo atagwira mphuno mochenjera, ngati akukanda, n'kufunsa kuti Yosefina ali kuti.

Kumbuyo kwake amayi ena ankanong'onezana, koma mosabisa kwenikweni.

"Taonani mwana wa eni ake mmene akulirira. Ngati wa bere limodzi."

"Nanga uyo wa khasuyo? Si ankati ndi mnzake wa pamtima?"

"Maso ali yuu, ngati akuonerera gule."

Benedicto anamva zonse. Anaweramira khasu lake n'kuyamba kukwirira.

* * *

Patapita masiku, Benedicto ananyamula mtolo wa nkhuni paphewa kupita nawo pasiwa. Anapeza a Nambewe, mayi wa Nedson ndi Yosefina, atakhala pamphasa pakhonde, nsalu yakuda ili kumutu. Pambali pawo panali Gideoni, atapinda miyendo ngati mwana wa pakhomopo, mbale ya maungu ili patsogolo pake. Yosefina anali chapatali, akuswa mtedza m'lichero, ndipo sanadzutse mutu.

Benedicto anatula nkhuni, ananjuta, n'kuomba m'manja.

"Mwaswera bwanji, amayi?"

"Taswera," anayankha a Nambewe, osamuyang'ana.

"Wabwera nthawi yabwino, Bene," anatero Gideoni, m'kamwa muli dzungu. "Ndimawafotokozera amayi za misozi. Iwe undichitire umboni." Anameza, n'kutembenukira kwa a Nambewe. "Amayi, m'Chilatini, chinenero cha Misa, msozi umodzi amati lacrima. Ikachuluka ndiye lacrimae."

"Lakirima," a Nambewe anabwereza pang'onopang'ono, ngati dzina la mankhwala.

"Eya. Ndiye pali mawu ena amene ansembe amawatchula motsitsa: donum lacrimarum. Mphatso ya misozi. Si kulira wamba kwa kumudzi kuno ayi. Mulungu amasankha munthu n'kumufewetsa mtima, moti akangoona chisoni cha mnzake, madzi amangotuluka okha. Oyera ambiri anali nayo. Ine sindinaipemphe, amayi. Ndi mtanda wanga, imandichititsa manyazi pagulu." Anatola chidutswa china cha dzungu. "Bene, ndikunama? Bambo wa ndevu uja sanatiphunzitse choncho?"

Mawuwo anali oona, ndipo n'chimene chinamunyansa kwambiri Benedicto. Ankamukumbukira wansembe wokalambayo akulemba lacrima pabolodi, n'kunena kuti misozi yotere imamupeza munthu ali yekha ndi Mulungu, ndipo woilandira amaibisa. Ankakumbukiranso kuti sabata yomweyo Gideoni anayamba kulira m'tchalitchi, pa benchi yakutsogolo, pamene ansembe onse ankatha kumuona. Anyamata anayamba kumuopa. Benedicto yekha anaona kanthu kamodzi: misozi ya Gideoni inkabwera nthawi zonse akawerama kaye m'kampango. Koma sanauzepo munthu. Ankaganiza kuti mwina ndi nsanje yake chabe.

"Anatiphunzitsa," anayankha motsitsa.

"Mwamva, amayi."

Apa a Nambewe anamuyang'ana Benedicto koyamba, kuyambira kumapazi mpaka kumaso.

"Nanga inu, mphatso imeneyi inakulambalalani? Si munali kumodzi?"

Benedicto anaweramitsa mutu. Anayang'ana nyerere ikukoka khoko la mtedza pansi.

"Si onse amalandira, amayi," anatero Gideoni mofatsa. "Musamuweruze mnzangayu. Mitima ina Mulungu amaisiya youma, zifukwa zake amazidziwa yekha." Mawu ake anayamba kunjenjemera. Anasolola kampango, anawerama, ndipo podzuka masaya anali chonyowa. Njere ya dzungu inali itamatirira pamlomo wake wam'munsi. "Pepani. Ndangokumbukira kuti Nedson ankakonda maungu."

Nedson sankadya maungu. Kuyambira ali mwana ankati amamutsekula m'mimba, ndipo mudzi wonse unkamuseka nazo. A Nambewe ankadziwa zimenezi kuposa wina aliyense. Koma anagwedeza mutu, anagwira dzanja la Gideoni, n'kuyamba kulira naye.

Yosefina anaika lichero pansi mwamphamvu, mtedza n'kudumpha, ndipo anazimirira kuseri kwa nyumba.

Benedicto anatsazika, koma palibe anamuyankha. Akudutsa pankhokwe anamva mawu otsika a Yosefina kuchokera kuseri kwake.

"Mawa kuchitsime. Akazi asanachuluke."

* * *

Chitsime chinali m'mphepete mwa dambo, pansi pa mkuyu waukulu. Benedicto anapeza Yosefina atadzaza kale mtsuko. Zikope zake zinali zotupa chifukwa cholira, ndipo sanamupatse moni. Anamasula mfundo ya kunsonga kwa nsalu yake, n'kutulutsa kampango kopinda, kokhala ndi kamtanda ka ulusi wofiira pakona.

"Nunkhizani. Koma chapatali."

Benedicto anakayandikiza kumphuno. Anayetsemula mpaka kuwerama, m'mphuno mukuyaka.

"Mwaona?" anatero Yosefina, osaseka. "Mphatso ija yakufikani nanunso."

"Tsabola."

"Wa kambuzi. Wopera bwinobwino, wofikisira m'nsalumo. Gideoni anakagwetsa dzulo pamphasa ponyamuka, atamaliza maungu athu. Ine ndinakatola popinda mphasa, palibe anandiona, n'kupukutira thukuta kumaso. Ndinaona ngati ndachita khungu."

Benedicto ankayembekeza kuti asangalala, koma chimwemwe sichinabwere. Anaganiza za anyamata a kuseminale atagwada kumbuyo kwa Gideoni, akudziona ochimwa chifukwa iwo sankalira. Anaganiza za mulu wa dothi la manda a Nedson, ndi mamina aja akudonthera pamenepo. Anakagwira kampangoko ndi nsonga za zala ngati khoswe wakufa.

"Ndikawaonetsa atsibweni anu."

"Mukawaonetse kuti akati chiyani? Adzati mwathira nokha chifukwa cha nsanje. Amayi akumukhulupirira munthu ameneyu kuposa Bambo Mfumu a kumishoni. Inu simukudziwa zimene zikunenedwa m'mudzi muno, eti?"

"Akuti ndine wouma mtima."

"Zimenezo n'zakale. Tsopano akuti thobwa lomaliza limene achimwene anamwa munabweretsa ndinu. Akuti munthu wosalira pamaliro a mnzake ndiye kuti akudziwapo kanthu."

Benedicto anakhala pansi pa muzu wa mkuyu. Thobwalo Nedson anachita kulipempha yekha. Benedicto ndi amene anamudzutsa, kumutsamiritsa pachifuwa chake, n'kumugwirira chikho.

"Mawa n'kumeta," Yosefina anapitiriza. "Atsibweni a Nowa anena kuti tikangometa, ayankha nkhani yanu ndi ya Gideoni, poti ankhoswe a mbali zonse awatopetsa. Amayi anena kale kuti mkamwini wa maso ouma sadzamanga nyumba pakhomo pawo. Ndiye tamverani. Mawa anthu akasonkhana, muwerame pang'ono, mukhudze apa, pakona pa diso. Pang'ono chabe, osati ngati mmene ndinachitira ine."

"Yosefina!"

"Musanditchule ngati ndatukwana."

"Mukufuna ndichite zimene amachita uja? Pamaliro a Nedson?"

"Ndikufuna msozi umodzi. Lakirima imodzi, poti zanu n'za Chilatini. Ine ndalira mpaka mutu kuwawa, ndadzilirira ndekha, ndalirira inu. Kodi inuyo chisoni simukuchimva?"

"Ndikuchimva. Chakudya sichikutsika. Koma misozi siituluka. Pamaliro a atate anga sinatulukenso."

"Ndiye si bodza. Chisoni muli nacho, tsabola angotsekula chitseko."

Benedicto anayang'ana thunthu la mkuyu. Panali bala pamene wina anatema ndi chikwanje, ndipo madzi oyera anali ataundana m'mphepete mwake.

"Bambo wa ndevu uja anatiuzanso kuti Aroma akale ankatchulira mawu omwewo utomoni wa mtengo," anatero pang'onopang'ono. "Mtengo ukatemedwa umatulutsa lacrimae. Sufunsa kuti akuuona ndani."

"Ndiye ndibwere ndi nkhwangwa ndikutemeni?" Yosefina anaomba ntchafu. "Inu mukundiphunzitsa za mitengo, ine akufuna kundipereka kwa munthu wa mamina! Mukudziwa kuti akandipatsa moni ndimakasamba m'manja ndi phulusa? Dzanja lake limakhala lonyowa nthawi zonse, ngati chule. Ameneyo ndiye ndizimuphitsira madzi osamba moyo wanga wonse, inu mukuyang'ana mikuyu?"

"Sindingathe, Yosefina."

"Simungathe, kapena kuyera kwanuko n'kofunika kuposa ine?"

Kumtunda kunamveka mawu a akazi akubwera ndi mitsuko. Yosefina anamulanda kampangoko, anakapinda msangamsanga, n'kukakankhira m'thumba la jekete lake lakhaki.

"Mukasankhe nokha," anatero. Anadzisenza mtsuko osapempha womuthandiza, n'kumapita, madzi akukhavukira kumsana kwake.

Benedicto anatsala pamuzupo. Chimene chinamunyansa kwambiri sichinalinso Gideoni. Chinali choti kwa kamphindi, Yosefina akulankhula, iye anali atayamba kale kuganiza kuti akhudze diso liti poyamba.

* * *

Anabwerera kwawo podzera njira ya m'minda kuti asakumane ndi anthu. Koma pamphambano ya kumishoni anamva belu la njinga, ndipo Gideoni anatsika patsogolo pake, thalauza atalimanga ndi luzi kumiyendo.

"Bene! Kuchokera kumadzi m'mawa uno? Wayamba kutunga ngati mkazi?"

"Ndimadutsa chabe."

"Mawa usadzalephere kubwera. Ndakonza nyimbo ina, yogwetsa misozi ndi nkhuku zomwe."

Benedicto anafuna kumulambalala, koma mawu anatuluka okha.

"Nedson sankadya maungu."

Gideoni anaseka mpaka kutsamira chishalo cha njinga.

"Nanga amayi ake anakana? Tamvera, mnzanga. Mayi woferedwa safuna nkhuni. Nkhuni atha kutola yekha. Amafuna kuona kuti imfa ya mwana wake yamuwawa munthu wina. Iwe umamupatsa nkhuni, ine ndimamupatsa chimene akufuna. Ndiye woipa ndani pamenepa?"

"Ndi mawu a ansembe omwe ukunamizira."

"Mawu ndi a aliyense amene wawaphunzira. Iwe unkandiposa m'kalasi, eti? Lacrima, lacrimae, lacrimarum, zonse unkazilakatula osapuma. Zakuthandiza chiyani? Zangouma m'mutu mwako ngati mfutso."

Akulankhula choncho, maso ake anatsika n'kuima pa thumba la jekete la Benedicto. Kakona ka nsalu yoyera kanali katatulukira, kamtanda kofiira kakuoneka. Gideoni anayang'ana njira yochokera kuchitsime, anayang'ananso thumbalo, kenako anamwetulira pang'onopang'ono.

"Jekete labwino," anatero. Anakwera njinga n'kumapita akuimba mluzu.

Benedicto anakankhira kampangoko pansi pa thumba, n'kupukuta zala paudzu. Anatsimikiza mumtima kuti diso lake silidzakhudza tsabola. Adzadikira kuti kumeta kuthe, anthu achepe, ndiye adzawaitanire a Nowa pambali kuti anunkhize okha. Akakhulupirira, chabwino. Akakana, iye adzakhala atanena zoona.

* * *

Tsiku lometa anthu anadzaza bwalo la a Nambewe. Amuna anakhala mumthunzi wa nkhokwe, akazi pamphasa pafupi ndi khonde. Mayi wina wachikulire ankameta abale a malemu mmodzimmodzi ndi lumo, tsitsi likugwera pansalu yoyala. A Nambewe anali atametedwa kale. Gideoni anali ataimba kale nyimbo yake, analira ndi kampango katsopano, ndipo tsopano anakhala pafupi ndi akuluakulu akumwa thobwa.

A Nowa, mlongo wawo wa a Nambewe komanso mwini mbumba, anali munthu wamtali, wowonda, wosachedwa pa nkhani. Anatsekula sutikesi ya Nedson pamaso pa onse n'kuyamba kugawa katundu. Bulangete linapita kwa mayi wake. Malaya anapita kwa msuweni wina. Nthawi imeneyo Yosefina ndiye anali atagwada pansi pa lumo, mutu ataweramitsa, mbali imodzi itayera kale.

Kenako a Nowa anatulutsa majombo akuda a kumgodi, okhala ndi misomali kunsi. Anawakweza m'mwamba.

"Awa mwini wake ananeneratu. Anandiitana atatsala pang'ono kumwalira, anati, 'Atsibweni, majombo awa mudzapatse Benedicto. Mapazi ake ndi ong'aluka ngati dambo la m'chilimwe, asadzandichititse manyazi paguwa tsiku lokwatira mlongo wanga.' Ananena akuseka, chifuwa chikumutsamwitsa. Ine ndangopereka mawu a malemu, za ukwatizo tikamba pambuyo. Iwe mnyamata, bwera ulandire."

Anthu ena anaseka pang'ono. Benedicto anadzuka, anayenda chowerama, anagwada, n'kulandira ndi manja awiri. Majombowo ankanunkha polishi. Chidendene chakumanzere chinali chodyekera kunja, chifukwa Nedson ankayenda mokoka phazi kuyambira tsiku limene anagwa mumtengo wa masuku ali ana. Benedicto anapisa dzanja m'kati. Anamva maenje a zala za mnzake m'chikopamo.

Chinthu chija chinali pakhosi chinasweka. Anamva mawu achilendo, ngati a mwana wang'ombe, ndipo anazindikira kuti ndi ake. Misozi inatuluka yotentha, yambiri, ikudonthera pa majombo. Mapewa ake ankagwedezeka. A Nambewe anagwira pakamwa. Yosefina anadzutsa maso pansi pa lumo, ndipo nkhope yake inawala koyamba chimwalirireni mlongo wake.

Mamina anayamba kutsika. Benedicto anachita manyazi. Dzanja lake linapita m'thumba monga limachitira dzanja la munthu aliyense wolira, linasolola nsalu imene linapeza, n'kuikanikiza m'maso onse awiri.

Unali moto. Benedicto anakuwa, majombo n'kugwa. Anayetsemula, anakhosomola, anagubuduka pansi akufikisa maso ndi zibakera, zimene zinangowonjezera ululu.

"Madzi! Ndipatseni madzi!"

Kampango kanagwera pamapazi pa a Nowa. Anakatola, anakayang'ana, n'kukanunkhiza. Nawonso anayetsemula mpaka chipewa kugwa.

"Tsabola!"

Bwalo linaphulika.

"Pamaliro! Tsabola pamaliro!"

"Ndinanena ine kuti maso aja si a munthu."

"Ndiye ife timati watembenuka mtima, eti?"

Wina analavula pansi pafupi ndi mutu wake. Benedicto anamva malovuwo akugwa, koma maso sankatha kutsekula.

"Si kanga!" anafuula. "Ndi ka Gideoni! Taonani kamtanda pakonapo. Misozi yake yonse ija imachokera m'menemo!"

Phokoso linatsika. Benedicto anamva Gideoni akuika chikho pansi, akudzuka mosafulumira, akuyenda kupita kwa a Nowa.

"N'kangadi, atsibweni," anatero Gideoni, mawu ake ali achisoni. "Anandisokera asisitere. Ndinakapereka kwa Yosefina ngati chikole, ndipo iye analandira ndi manja awiri. Ndimati ndidikire maliro athe kuti ndinene. Ndinakapereka koyera, kochapa bwino. Zoti kafika bwanji m'thumba la mnzangayu, kali ndi tsabola, ine sindikudziwa. Mulungu amukhululukire."

"Bodza!"

Anali Yosefina. Anadzuka mwadzidzidzi lumo lili pamutu, ndipo linamucheka pamwamba pa khutu. Magazi anatsika m'tsaya, koma iye sanawagwire.

"Sanandipatse chikole! Ndinachita kukatola pamphasa!"

"Unakatola," anatero a Nowa. "Chabwino. Nanga kanafika bwanji kwa uyu? Unamupatsa ndiwe? Kuti atani nako?"

Yosefina anagwetsa nkhope. Mayi wina anali atathira Benedicto madzi kumaso, ndipo diso limodzi linatsekuka pang'ono. Benedicto anamuona Yosefina ataima pakati pa bwalo, mutu theka woyera theka wakuda, akuyang'ana pansi. Anthu anayamba kung'ung'udza.

A Nowa anatembenukira kwa mlongo wawo.

"A Nambewe, za chikolezi mukuzidziwa?"

A Nambewe anayang'ana mwana wawo nthawi yaitali. Benedicto anaona kuti amvetsa zonse. Ngati kampango kanali kotola, ndiye kuti mwana wawo yemwe ndi amene anakonza zowanamiza pamaliro a mlongo wake, ndipo mudzi wonse ukanapita nayo nkhaniyo kuzitsime. Anayang'ana akazi ali pamphasa. Anayang'ana Gideoni. Anakonza nsalu yakuda pamutu pawo pometa.

"Ndinalipo," anatero. "Analandira ndikuona."

"Amayi!"

"Khala pansi, akumalize kumeta."

A Nowa anapinda kampangoko n'kukaponya pamoto umene unali pambali. Utsi wake unawakhosomoletsa amene anali pafupi.

"Ndiye nkhani yatha," anatero. "Chikole chikalandiridwa, ife sitiyang'ananso kwina. Ankhoswe a Gideoni apite kwa Bambo Mfumu, ukwati ukayambe kulengezedwa Lamulungu likubwerali. Iwe Benedicto, kutenga chikole cha mnzako, kuthira tsabola, kudzaseweretsa maliro a mwana wathu. Usapondenso pano mpaka tikambe ndi akwanu."

Anawerama, anatola majombo, anawasasa fumbi.

"Malemu anati awa ndi a mlamu wake."

Anawaika patsogolo pa Gideoni. Gideoni anakhala pansi pomwepo, anapukuta phazi ndi dzanja, n'kulilowetsa.

Benedicto anadzuka. Anayenda chopapasa, akugwira nsungwi za nkhokwe, anthu akumupatukira ngati wakhate. Misozi inali ikutsikabe, ndipo iye mwini sankadziwanso kuti ya tsabola ndi iti, ya Nedson ndi iti.

"Taonani, akupitirizabe," anatero mayi wina.

Atafika kumapeto kwa bwalo anamva mawu a Yosefina, osakuwa, koma omveka kwa aliyense.

"Amayi, akakandilengeza Lamulungu, ine ndidzaimirira m'tchalitchi momwemo n'kukana ukwatiwo."

Benedicto anaima.

"Udzaimirire, mwana wanga," anayankha a Nambewe. "Udzanene pamaso pa guwa, anthu onse akumva, kuti mayi ako ndi wabodza."